Kwa achimwene a pa Likhubula amene afunsa za Sapitwa ndi mapiri akunja

Achimwene, mwati mwangoyamba kumene kulondolera alendo m'phiri, ndipo akayamba kutchula za Kilimanjaro, Everest ndi Matterhorn inu mumangoti kakasi, osadziwa ngati lathuli la Mulanje n'loti mungaliyerekeze ndi amenewo. Mwachita bwino kufunsa, chifukwa mlendo akaona kuti womutsogolera akudziwa za mapiri ena, amayamba kumvetsera bwino zomwe akumuuza za kwathu kuno.

Manambala muwadziwe kaye. Nsonga ya Sapitwa ndi mamita 3,002, ndipo m'Malawi muno mulibe malo okwera kuposa pamenepo. Koma mu Africa alipo otiposa kutali: Kilimanjaro ku Tanzania ndi mamita 5,895, Mount Kenya 5,199, ndipo nsonga ya Margherita ku mapiri a Rwenzori, m'malire a Uganda ndi DR Congo, ndi 5,109. Padziko lonse mtsogoleri ndi Everest, mamita 8,849, kutsatira K2 pa 8,611. Choncho mukamva wina akunena kuti Sapitwa ndi yachiwiri mu Africa, musakabwereze kwa mlendo, adzasiya kukukhulupirirani ngakhale pa zoona.

Komatu manambalawa amawayeza kuyambira pa nyanja yamchere, pomwe diso la munthu limayeza kuyambira pomwe waponda. Apa ndi pamene ndimafuna inu achinyamata muimike mutu. Amene akupita ku Everest kudzera ku Nepal, msasa wawo woyambira uli kale pamwamba pa mamita 5,300, ndiponso phirilo lazunguliridwa ndi anzake ataliatali, moti pamalo ambiri limabisika. Ife kuno minda ya tiyi ili pa mamita 600 kapena 700 basi, kenaka thanthwe n'kungodzuka, mamita opitirira 2,000 kulunjika kumwamba, popanda timapiri toti tikukonzekeretseni. Mukamachokera ku Thyolo m'mawa kunja kutayera, yang'anani nkhope za alendo m'galimoto phirilo likangotulukira. Kilimanjaro imakopa anthu pa chifukwa chomwechi: yaima yokhayokha pachigwa, pafupifupi mamita 5,000 kuchokera patsinde, ili ndi madzi oundana pamutu chonsecho ili kufupi ndi equator. Madzi oundanawo akutha chaka ndi chaka, ndipo alendo ambiri amene anakwerako adzakuuzani okha mwachisoni.

Matterhorn, ya m'malire a Switzerland ndi Italy, ndi mamita 4,478. Si yaitali kuposa onse ngakhale kwawo komweko, koma ndiyo imajambulidwa kwambiri chifukwa cha maonekedwe: mbali zinayi zosongoka bwino, zimene madzi oundana anazisema kwa zaka zikwizikwi. Anthu oyamba anafika pamwamba pake mu 1865, motsogozedwa ndi Edward Whymper. Anali asanu ndi awiri, koma potsika anayi anagwa n'kufa chingwe chitaduka. Nkhani imeneyi ndi yothandiza kwa mlendo amene wafika pa Sapitwa n'kumaganiza kuti ntchito yatha. Fuji ya ku Japan, mamita 3,776, nayonso ndi nkhani ya maonekedwe, phiri lophulika loumbika bwino mbali zonse, limene linaphulika komaliza mu 1707. Table Mountain ya ku Cape Town, imene abale athu akumeneko amatitumizira pa WhatsApp, siikwana n'komwe mamita 1,100, koma dziko lonse likuidziwa.

Tsono mukakumana ndi mlendo wa zingwe, wokwera matanthwe, muonetseni nsonga ya Chambe. Khoma lake la kumadzulo ndi pafupifupi mamita 1,700 kuchokera pansi, ndipo limatchulidwa kuti ndilo khoma lalitali koposa lokwera ndi zingwe mu Africa. El Capitan ya ku Yosemite ku America, imene okwera matanthwe onse amailota, khoma lake ndi mamita ngati 900. Zoona, la El Capitan ndi loongoka kwambiri, pomwe la Chambe lili ndi kashelefu ka mitengo pakati kamene kamaligawa pawiri, koma madzulo dzuwa likaliwomba n'kufiira, palibe amene amafunsanso za nambala.

Adzakufunsaninso ngati Mulanje linali phiri lophulika monga Kilimanjaro. Ayi. Zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, mwala wosungunuka unakwera kuchokera pansi pa dziko koma sunatulukire kunja, unazizirira m'kati momwemo n'kulimba. Miyala yofewa yomwe inauphimba inakokoloka pang'onopang'ono, wolimbawo n'kutsala poyera, monga mmene mwala umaonekera m'munda mvula ikakokolola dothi. Everest ndi zina: dziko la India linagundana ndi Asia, nthaka n'kukwinyika, moti miyala ya pansonga pake ili ndi zotsalira za tizilombo ta m'nyanja.

Chimene chimandikhudza ine kwambiri ndi ichi. Achinyamata ena amachita manyazi kufotokozera mlendo za mizimu ya m'phiri, kuopa kuoneka otsalira. Musachite nazo manyazi. Ku Tibet kuli phiri la Kailash, mamita 6,638, lopatulika kwa Ahindu, Abuda ndi zipembedzo zina ziwiri. Palibe amene analikwerapo mpaka lero. Anthu amalizungulira wapansi, makilomita opitirira 50, ena akugwada ndi kugona pansi njira yonse. Ku Nepal boma sililola munthu kukwera Machapuchare. Ku Bhutan nsonga ya Gangkhar Puensum, mamita 7,570, sinapondedwepo, ndipo dzikolo linaletsa kukwera mapiri ake ataliatali polemekeza zikhulupiriro za anthu ake. Angerezi amene anakwera phiri la Kangchenjunga, m'malire a Nepal ndi India, koyamba mu 1955 anaima patatsala mapazi ochepa kuti afike pansonga, posunga lonjezo lomwe anapereka kwa mfumu ya ku Sikkim, dera la patsinde pa phirilo. Ku Australia anatseka kukwera thanthwe la Uluru mu 2019 eni nthaka atadandaula kwa zaka zambiri. Ndiye agogo akamati ukapeza chakudya m'phiri udye wekha osaitana mnzako, kapena kuti ku Dziwe la Nkhalamba usamalankhule zachipongwe, amenewo ndi malamulo a eni phiri monga aliri kwina konseku. Bungwe la UNESCO polemba Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2025, linatsamira kwambiri pa chikhalidwe chimenechi cha Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe.

Ntchito yanuyonso musaipeputse. Pa 29 May 1953, Edmund Hillary sanafike yekha pa Everest, anali ndi Tenzing Norgay, wa mtundu wa Asherpa a m'mapiri a ku Nepal, amene anayamba ngati wonyamula katundu. Mpaka lero Asherpa ndiwo amamanga zingwe ndi kunyamula mabotolo a okosijeni kupita kumtunda kwa mamita 8,000, kumene mpweya umachepa mpaka kutsala gawo limodzi mwa atatu. Kwathu kuno mpweya si vuto lalikulu, mdani ndi chiperoni. Nkhungu ikatsika pakati pa nyumba yogona ya Chisepo ndi Sapitwa, mivi yofiira yojambulidwa pamiyala ija siioneka, mwala umaterera, ndipo alendo amene ananyamuka okha ena sanabwerere. Mlendo akakuuzani kuti anakwera Kilimanjaro choncho safuna womutsogolera, muuzeni mwaulemu kuti ku Tanzania nakonso lamulo silimulola kukwera yekha, ndipo kuti kumeneko njira zambiri amangoyenda, pomwe ku Sapitwa akakwawa ndi manja pansi pa miyala ikuluikulu.

Ndipo mukamadutsa pamene pali zitsa za mkungudza, imani, mumununkhizitse kachidutswa, mumuuze kuti mtengo umenewu mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi koma m'phiri muno, ndipo kuti wadulidwa pafupifupi kutheratu. Mukatero mumuonetsenso mbande zimene zikubzalidwa.