Yankho kwa achemwali pa za njoka ya kuseri kwa nyumba ku Texas

Achemwali, zikomo, uthenga wanu ndaumvera ndipo chithunzi chija ndachiyang'ana mofatsa. Mwafunsa kuti zikutheka bwanji kuti aneba anu akuti njoka imene munaipeza kuseri kwa nyumba, kufupi ndi Austin, ndi kingsnake, chonsecho pa intaneti mwaonapo zithunzi ziwiri zosiyana za kingsnake za ku Texas, ina yamadontho thupi lonse ndipo ina ya zigamba zakuda pamsana, pamene yanuyo sikufanana kwenikweni ndi iliyonse mwa ziwirizo. Aneba anuwo akunena zoona. Njoka yanuyo yatengako mbali zonse ziwiri, ndipo m'chigawo chapakati cha Texas chimene mukukhalacho njoka zotero si zachilendo.

Ndiyambe ndakukhazikani mtima pansi. Kingsnake ilibe ululu. Imapha chakudya chake pochizenga ndi kuchifinya, ndipo kuwonjezera pa mbewa, abuluzi ndi mazira, imadyanso njoka zinzake, ngakhale zaululu monga rattlesnake ndi copperhead, chifukwa thupi lake limapirira ululu wa njoka zimenezo. Musaiphe, koma anawo asazolowere kugwira njoka, popeza ku Texas zaululu ziliko. Abale a kumudzi amene mukumvera nawo, dziwani kuti njoka imeneyi kwawo ndi ku North America, choncho zimene ndikunenazi musaziyese pa njoka za kwathu.

Tsono za maonekedwe. Mutanyamuka ku gombe la kum'mawa kwa dziko la America, kuyambira kummwera kwa New Jersey mpaka kumpoto kwa Florida, kingsnake imene mungakumane nayo ndi yakuda monyezimira, yokhala ndi mizere yopyapyala yoyera kapena yachikasu imene imadutsa pamsana n'kukalumikizana m'nthiti ngati unyolo. Mukawoloka mapiri a Appalachian n'kulowa ku Tennessee ndi Kentucky, unyolo uja umazimiririka mpaka njoka yaikulu kuoneka pafupifupi yakuda bii. Mukatsikira ku Louisiana, Arkansas ndi kum'mawa kwa Texas, pafupifupi mamba onse a pakhungu lake amakhala ndi kadontho kachikasu kapena koyera pakati, ndipo imeneyi ndi yamadontho ija munaiona pa chithunzi choyamba. Kumadzulo kwa Texas, ku New Mexico ndi kumpoto kwa Mexico, kumene dziko ndi louma, madontho amatsalira m'nthiti, pamsana pamakhala zigamba zakuda zolekanitsidwa ndi timizere tachikasu, ndipo mutu nthawi zambiri umakhala wakuda. Chimenecho ndi chithunzi chanu chachiwiri.

Mabuku amajambula mapu ogawidwa bwino, uku mtundu uwu, uko mtundu uwo, koma njoka zokha malire amenewo siziwadziwa. Kumene yamadontho ndi ya m'chipululu zimakhala moyandikana, zimakwerana n'kubereka ana amene nawonso amabereka bwinobwino, ndipo poti zimenezi zakhala zikuchitika kwa mibadwo yosawerengeka, pali dera lalikulu ndithu limene njoka zake zambiri ndi za maonekedwe apakati. Kusinthaku kumachitika pang'onopang'ono, monga momwe Chichewa chimasinthira munthu akamachoka ku Kasungu kudzera ku Dedza mpaka ku Chikwawa, osapeza mudzi umene anganene kuti kalankhulidwe aka kathera pano, ako kayambira apo. Mukamapita kum'mawa kuchokera kwanuko madontho amachuluka mpaka kudzaza msana wonse, ndipo mukamapita kumadzulo zigamba zakuda zimakula n'kuoneka bwino. Pa chithunzi chanu msana uli ndi madontho, koma madonthowo andandalika m'timizere todutsa ndipo pakati pa timizereto pada, zimene ndi zizindikiro za njoka ya dera lapakatilo. Chimodzimodzinso ku Florida, kumene ya unyolo ija imasakanikirana ndi ya kummwera, yoyererapo ndiponso ya mizere yambiri yothithikana.

Chenjezo langa ndi lokhudza msinkhu wa njokayo. Ana a kingsnake yamadontho amaswedwa ali ndi timizere todutsa pamsana, ndipo timizereto timasowa m'madontho akamakula. Yakuda ya ku Tennessee nayonso imayamba ndi unyolo wooneka, n'kumada pamene ikukula. Choncho munthu akaona kanjoka kakang'ono ka timizere asathamangire kunena kuti ndi kosakanikirana. Yanuyo, poyerekeza ndi njerwa imene yagona pambali pake, ikuoneka kuti yafika mita imodzi, kutanthauza kuti ndi yaikulu ndipo maonekedwe akewo akhazikika.

Palinso kusiyana kwina kumene anthu amakusokoneza ndi kusakanikiranaku, ndipo chitsanzo chake chabwino chili ku California. Kumeneko kingsnake zambiri zili ndi mphete zoyera zozungulira thupi lakuda kapena lofiirira, koma m'mbali mwa nyanja cha ku San Diego mumapezeka zina zokhala ndi mzere umodzi woyera woyenda pamsana kuyambira kukhosi mpaka kumchira. Ya mzere umodziyo inapatsidwa dzina ndi katswiri wina wa zinyama, Blainville, mu 1835, ya mphete inapatsidwa lake ndi akatswiri ena awiri, Baird ndi Girard, mu 1853, ndipo kwa zaka zambiri zinkawerengedwa ngati mitundu iwiri. Mu 1936 Laurence Klauber, katswiri wa njoka wa ku San Diego, anasonyeza kuti ndi njoka imodzi ya maonekedwe awiri, popeza mazira a mayi mmodzi amatha kutulutsa ana a mphete ndi ana a mzere. Pamenepo sipanakumane magulu awiri ochokera kosiyana, koma ndi chibadwa cha gulu limodzi chimene chimaonekera m'njira ziwiri.

Za mayina ndiye akatswiri mpaka lero sanamvane. Mu 1977 Richard Blaney, atayerekeza maonekedwe a njokazi kuchokera kunyanja ya Atlantic mpaka ku Pacific, anaziika zonse mu mtundu umodzi wa nthambi zingapo, umene lero umalembedwa Lampropeltis getula, ndipo chifukwa chake chachikulu chinali kusakanikirana kwa m'malire kumene ndafotokozaku. Mu 2009 Alexander Pyron ndi Frank Burbrink anayeza DNA, imene imasunga chibadwa cha chamoyo chilichonse, n'kuugawa mtunduwo pasanu: getula ya kum'mawa, nigra yakuda, holbrooki yamadontho, splendida ya m'chipululu ndi californiae. Chimene chimandichititsa chidwi pa ntchito yawo n'chakuti malire a DNA sanagwirizane ndi malire a maonekedwe. Iwo anapeza kuti mtsinje wa Mississippi ndi umene umalekanitsa nigra ndi holbrooki, kotero kuti njoka yamadontho ya kum'mawa kwa mtsinjewo, m'boma la Mississippi kapena kumadzulo kwa Alabama, ili pachibale chapafupi ndi yakuda ya ku Kentucky kusiyana ndi yamadontho inzake ya kutsidya, ku Arkansas, ngakhale kuti m'maso zamadontho ziwirizo ndi zofanana.

Maganizo anga ndi akuti kugawa pasanuku kumathandiza kumvetsa mbiri ya njokazi, momwe mitsinje, mapiri ndi chipululu zinazilekanitsira kalekale, koma sikuthetsa vuto la njoka za m'malire, chifukwa mitundu imene imakwerana momasuka chonchi m'dera lalikulu ndi yovuta kuitchula kuti inapatukana kotheratu. N'chifukwa chake buku lakale lidzalemba yanuyo ngati yapakati pa nthambi ziwiri za mtundu umodzi, pamene latsopano lidzaikankhira ku holbrooki kapena ku splendida. Mukafuna kufunsa odziwa njoka a kumeneko, atumizireni chithunzi cha msana, cha m'nthiti ndi cha mutu, ndipo mutchule dera lenileni limene munaipeza, chifukwa iwo amayamba afunsa malo asanayang'ane n'komwe madontho. Moni kwa alamu ndi ana onse.