Mabatire a sodium alipodi, koma musadikire kuti afike

Bambo, mu uthenga wanu mwafunsa zinthu ziwiri. Choyamba, mukufuna kudziwa ngati "mabatire a mchere", kutanthauza a sodium, amene akutchulidwa masiku ano alipodi, komanso ngati ndi bwino kuwadikira musanasinthe mabatire a asidi amene akufooka pa sola yanu. Chachiwiri, mwafunsa ngati graphite (mwala wakuda wofewa wa kaboni, ngati wa mu pensulo) amene akufuna kukumba ku Kasiya, m'boma la Lilongwe, adzakhalabe ndi msika mabatire atsopanowa akadzafala. Mabatirewo alipodi ndipo ayamba kale kugwira ntchito, makamaka ku China, koma ine sindingakulangizeni kuti mudikire, ndipo zifukwa zake zili m'kati mwa batire momwemo.

Batire lotchajika la lithium lili ndi mbali ziwiri, ya pozitivu ndi ya negativu, ndipo pakati pake pali madzi apadera amene maayoni amayendamo. Ayoni ndi atomu ya lithium imene yataya elekitironi imodzi, kanthu kakang'ono kwambiri konyamula magetsi. Mukamatchaja, maayoniwo amachoka ku pozitivu n'kukalowa m'mipata ya graphite ku negativu, ndipo mukayatsa babu amabwerera, pamene maelekitironi amadutsa mu waya n'kukupatsani magetsi. Njira imeneyi anaiyamba ndi Stanley Whittingham m'zaka za m'ma 1970. John Goodenough anapeza mu 1980 ku Oxford kuti msanganizo wa lithium, cobalt ndi okosijeni umapereka mphamvu yochuluka, Akira Yoshino anapanga batire lotetezeka mu 1985, kampani ya Sony inayamba kugulitsa mabatirewa mu 1991, ndipo anthu atatuwa analandira mphotho ya Nobel mu 2019. Cobalt anabwera ndi mavuto ake: ndi wokwera mtengo, pafupifupi 70 peresenti ya amene amakumbidwa padziko lonse amachokera ku DR Congo kokha, ndipo batire lake likatentha kwambiri limatulutsa okosijeni amene amakoleza moto kuchokera m'kati.

Batire limene ndikukulangizani ndi la LFP, lomwe pa chikwama chake pamalembedwa LiFePO4. M'malo mwa cobalt muli chitsulo wamba ndi phosphate, yemwe ndi wa mtundu womwewo ndi amene ali mu feteleza wokulitsa mizu. Gulu la Goodenough ku yunivesite ya Texas ku Austin linalengeza za msanganizo umenewu mu 1997, koma kwa zaka zingapo unkaoneka wopanda phindu chifukwa magetsi sadutsamo bwino. Ofufuza sanauthetse vutoli mwa kupeza mwala wina watsopano. Anapera ufa wake kukhala tinthu ting'onoting'ono kwambiri kuti ayoni asayende mtunda wautali, kenako n'kukuta kanthu kalikonse ndi kachikopa kopyapyala ka kaboni kuti maelekitironi apeze njira, ntchito imene Michel Armand ndi anzake ku Canada anathandizapo kwambiri. Apa ndi pamene ndimaona kuti pagona kupita patsogolo kwenikweni kwa sayansi ya zipangizo m'zaka zapitazi: zinthu zake ndi zotchipa komanso zodziwika kalekale, ndipo chimene chasintha ndi luso lozisanja pa mlingo wa maatomu. Mu LFP, phosphorus amagwira okosijeni mwamphamvu kwambiri kotero kuti ngakhale batire litatentha, okosijeniyo satuluka msanga, n'chifukwa chake siliyaka chisawawa. Selo imodzi, kabatire kamodzi mwa timene timalumikizidwa kupanga batire lonse, imapereka mavolti 3.2, ndiye maselo anayi amakwana 12.8, zomwe zimagwirizana ndi mainiveta ambiri a mavolti 12. Batire la asidi ndi mtovu, lomwe Gaston Planté anapanga mu 1859, limawonongeka msanga mukamalikhetsa kupitirira theka, ndipo likakhala masiku osadzaza mapuleti ake amamera timiyala ta sulphate tosasungunuka. La LFP labwino limatha kutchajidwa ndi kukhetsedwa maulendo zikwi zingapo, ndipo mukhoza kugwiritsa ntchito pafupifupi mphamvu yonse imene lasunga.

Tsopano za sodium. Dzina lakuti "batire la mchere" limasocheretsa pang'ono, chifukwa mafakitale sathira mchere wa m'ndiwo m'batire. Amagwiritsa ntchito sodium carbonate, mbale wake wa soda amene timathira mu therere, ndipo amapezeka wambiri m'malo monga Sua Pan ku Botswana ndi nyanja ya Magadi ku Kenya. Sodium ndi wochuluka m'nthaka kuwirikiza lithium koposa ka 1,000, choncho palibe dziko limene lingautsekereze. Ali ndi ubwino winanso: sasakanikirana ndi aluminiyamu monga amachitira lithium, ndiye mbali zonse ziwiri za batire zikhoza kumangidwa pa aluminiyamu m'malo mwa mkuwa wodula, ndipo batire lotero likhoza kukhetsedwa mpaka ziro n'kutumizidwa ulendo wautali popanda kuopa moto.

Chovuta chake n'chakuti atomu ya sodium imalemera 23 pamene ya lithium imalemera pafupifupi 7, ndipo ayoni yake ndi yaikulu. Kuwonjezera apo, sodium sakhazikika bwino mu graphite. Graphite ali ngati mikeka yoyalidwa mosanjikiza bwinobwino, ndipo lithium amalowa pakati pa mkeka ndi mkeka, koma sodium amafuna mikeka yokwinyika ndi yopindika, yokhala ndi timaenje tambirimbiri. Kaboni wokwinyikayu, amene akatswiri amamutcha hard carbon, amapangidwa potentha zinthu monga zigoba za kokonati pa kutentha koposa madigiri 1,000 pamalo opanda mpweya, ndipo kumupanga mofanana tsiku ndi tsiku ndi imodzi mwa ntchito zimene zachedwetsa mabatirewa. Ku mbali ya pozitivu, ofufuza ena akugwiritsa ntchito misanganizo ya chitsulo, manganese ndi nickel, ndipo ena atenga mankhwala a mtundu wa Prussian blue, utoto wabuluu umene unapezeka ku Berlin kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, chifukwa maatomu ake amapanga timabokosi totseguka momwe sodium amalowa ndi kutuluka mosavuta.

Zimene zachitika m'mafakitale ndi izi. Kampani ya CATL ya ku China inaonetsa batire lake loyamba la sodium mu Julayi 2021, losunga mawati-awa (muyeso wa magetsi osungidwa) 160 pa kilogalamu, ndipo mu Epulo 2025 inalengeza mtundu wa Naxtra wofika 175, womwe wayandikira LFP. Mu 2024 ku Qianjiang, m'chigawo cha Hubei, anatsegula gawo loyamba la malo osungira magetsi a mamegawati-awa 100 a mabatire a sodium. Komabe msika sunayende monga ambiri ankayembekezera. Chidwi cha sodium chinakula pamene mtengo wa lithium carbonate unakwera kufika pafupifupi mayuan (ndalama za ku China) 600,000 pa tani kumapeto kwa 2022, koma pofika kumayambiriro kwa 2024 unali utatsika mpaka pafupifupi 100,000, ndipo mabatire a LFP anatchipa kwambiri kotero kuti sodium anataya mwayi wake wa mtengo asanakule n'komwe. Kampani ya Northvolt ya ku Sweden, imene inalengeza batire lake la sodium mu 2023, inagwa mu 2025.

Kwa inu amene muli ndi sola pakhomo, pali mfundo zina ziwiri zofunika kuziganizira. Ubwino waukulu wa sodium ndi wakuti amagwira bwino pa chisanu cha madigiri 20 kapena kuposa pansi pa ziro, chinthu chofunika kumpoto kwa China, koma chosathandiza kwenikweni ku Chikwawa kapena ku Salima, kumene mdani wa batire ndi kutentha. Yachiwiri ndi yakuti mavolti a selo ya sodium amatsika kwambiri pamene ikukhetsedwa, kusiyana ndi LFP amene amakhala pafupifupi pamalo amodzi, choncho iniveta imene sinakonzedwere sodium ikhoza kuzima batire lidakali ndi mphamvu. Gulani LFP yokhala ndi BMS, kachipangizo kamene kamayang'anira selo iliyonse, onetsetsani kuti tchaja yanu ili ndi makonzedwe a lithium, ndipo batirelo muliike pamalo ozizira, kutali ndi malata otentha masana. Sodium ndikuona kuti adzayamba kutipindulira m'malo akuluakulu osungira magetsi, monga aja a mamegawati-awa 10 amene ali pa munda wa sola wa ku Golomoti m'boma la Dedza, kumene kulemera kwa batire sikudetsa nkhawa.

Pa funso la Kasiya, musade nkhawa kuti sodium aupha msika. Pafupifupi batire lililonse la lithium, kuphatikizapo la LFP, lili ndi graphite ku negativu, ndipo polemera graphite ndi wochuluka m'batiremo kuposa lithium weniweniyo. Silicon, chinthu chochokera mu mchenga chimene ena akuyesa m'malo mwa graphite, amene amasunga lithium wochuluka pafupifupi kakhumi kuposa graphite, amafufuma kuwirikiza katatu kapena kanayi akamatchajidwa n'kusweka, n'chifukwa chake pakadali pano opanga ambiri amangomusakaniza pang'ono ndi graphite. Nkhawa yanga ili kwina. Graphite wochokera mu mgodi salowa m'batire momwe alili: amayenera kuperedwa kukhala timibulu tozungulira, pomwe gawo lalikulu limatayika ngati fumbi, kenako kuyeretsedwa kufika pa 99.95 peresenti, kawirikawiri ndi asidi woopsa wa hydrofluoric kapena ndi moto waukulu kwambiri, n'kukutidwanso ndi kaboni. Phindu lalikulu lili pa ntchito imeneyi, ndipo yoposa 90 peresenti imachitikira ku China, dziko limene mu Disembala 2023 linaika malamulo oletsa kutumiza kunja mitundu ina ya graphite popanda chilolezo. Graphite wa ku Balama, m'chigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique, wina amapita kukakonzedwa ku Vidalia ku America. Ku Kasiya, kumene kampani ya Sovereign Metals ikukonzekera kukumba rutile (mwala wa titanium) ndi graphite, ndipo kampani yaikulu ya migodi ya Rio Tinto inagula masheya m'kampaniyo mu 2023, funso loyenera kufunsa aphungu athu ndi a unduna wa za migodi ndi lakuti ndi gawo liti la kuyeretsaku limene lidzachitikire m'dziko muno, magetsi ndi madzi ake adzachokera kuti, komanso madzi a asidi otsala adzatayidwa motani kuti asalowe m'madambo amene anthu a m'deralo amalimamo.