Ana 80, laputopu imodzi: ndiyambire pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa Physics ku Fomu 1 ndi Fomu 2 pa CDSS ina yakumudzi. Akuti akufuna kwabwino apereka laputopu imodzi ndi pulojekita kusukulu kwawo, ndipo ahedi aloza iwowo kuti ndi amene aziphunzitsa ndi zipangizozi. Ana m'kalasi amaposa 80, netiweki imagwira mwa apo ndi apo, ndipo iwo chimene amadziwa bwino ndi WhatsApp ndi Facebook basi. Funso lawo ndi ili: "Ndiyambire pati, nanga nditani kuti ndisachite manyazi pamaso pa ana?"

Aphunzitsi, zikomo pondilembera. Laputopu ija muyambe mwaisiya kaye m'kabati, mutenge sikimu yanu. Yang'anani mitu ya teremu ino, ndipo mudzifunse kuti ndi mutu uti umene chaka ndi chaka mumaufotokoza mpaka mawu kusasa, koma pochonga makope n'kupeza kuti ana sanamve. Mutu umenewo ndi umene mupite nawo pa intaneti. Ambiri timayamba ndi kufunsa anzathu kuti pali mapulogalamu anji abwino, n'kudzaza foni ndi zinthu khumi zimene sitidzazitsegulanso. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Teremu yoyamba chida chimodzi chikwana.

Kwa inu a Physics ndikusankhirani PhET. Ndi tsamba la University of Colorado Boulder ku America, ndipo analiyambitsa mu 2002 ndi Carl Wieman, amene analandira mphoto ya Nobel pa Physics mu 2001. Muli zoyeserera za labotale zaulere: kulumikiza magetsi, kumanga atomu, kuona mmene tizidutswa ta madzi timayendera madziwo akamatenthedwa kapena kuzizira. Chimene ndimalikondera n'chakuti choyeserera chilichonse mutha kuchitsitsa ngati fayilo imodzi, ndipo fayiloyo imatseguka pa laputopu popanda intaneti. Mukapita kuboma kukatenga malipiro, kumene netiweki ya Airtel kapena TNM imagwira bwino, tsitsani zimene mukufuna teremu yonse. M'kalasi musamalowe mukudalira netiweki. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Zimenezi ndinaziphunzira movutikira. Tsiku langa loyamba ndinalowa m'kalasi ndi kanema amene ndinali nditangomupeza pa YouTube usiku wake, osamutsitsa. Kachizindikiro kaja kosonyeza kuti kanema sanatseguke kanazungulira pakhoma, ana ali chete kudikira, kenako phokoso linayamba kumbuyo. Piliyodi ili ndi mphindi 40, ndipo theka lake linathera pamenepo. Chinandipweteka si manyazi ayi, koma kuti ana amene anayenda mtunda wautali m'mawa umenewo, ena osadya kanthu, anabwerera osaphunzira. Kuyambira pamenepo sindilowa ndi chinthu chimene sindinachitsegule ndekha data nditazimitsa, ndipo choko chimakhala m'thumba nthawi zonse kuti magetsi akathima phunziro lisathime nawo.

Tiyerekeze kuti mwasankha mutu wa magetsi, kusiyana kwa series (mababu olumikizidwa motsatizana pa njira imodzi ya magetsi) ndi parallel (babu lililonse pa njira yakeyake). Tsegulani choyeserera cha PhET chotchedwa Circuit Construction Kit, ikani batire limodzi, mababu awiri ndi mawaya mwa series, ana akuonera pakhoma. Mababu ayaka. Apa ndiye pagona nkhani: musafulumire kudina china chilichonse. Afunseni kuti, "Ndikachotsa babu ili, linzakeli litani?" Aliyense alembe yankho lake m'kope, kenako akambirane awiriawiri. Muwerenge manja, angati akuti lizima, angati akuti liwala kwambiri, mulembe manambalawo pabolodi. Mukatero itanani mwana mmodzi, makamaka wa kumbuyo amene salankhulalankhula, adzachotse yekha babulo. Kalasi yonse imati "Aaa!" nthawi imodzi, ndipo amene analakwitsa ndi amene amayamba kufunsa kuti chifukwa chiyani. Bwerezani ndi parallel. Wina adzakufunsani kuti n'chifukwa chake kodi babu la m'chipinda likapsa la pabalaza limayakabe, ndipo mukamva funso limenelo mudziwe kuti phunziro lalowa.

Mukangowaonetsa osawafunsa kaye, ana amaonera ngati ali ku video show ya pamsika. Amasangalala ndithu, koma pa JCE salemba kanthu. Ndiponso chithunzi cha pakhoma chisalowe m'malo mwa manja awo. Tsiku lotsatira bweretsani mabatire a tochi, tibabu tating'ono ndi mawaya a wailesi yakufa, alumikize okha m'magulu. Zimene anaona pa kompyuta ziwathandize kudziwa chimene akufunafuna.

Za pulojekita ndinene mwachidule. Makalasi athu ndi owala, ndiye yesani madzulo ana ataweruka kuti muone khoma limene chithunzi chikuoneka bwino. Nsalu yoyera yogonera imagwira ntchito, ndipo mawindo awiri apafupi mutha kuwatchinga ndi zitenje. Kakhaleni pa desiki ya kumbuyo kwenikweni muone ngati zilembo zikuwerengeka. Laputopu igone itatchajidwa. Magetsi akathima pakati pa phunziro, magulu azibwera mosinthana kudzaona pa laputopu pomwepo, enawo akujambula m'makope.

Teremu yachiwiri, manja akazolowera, muonjezere Plickers, pulogalamu ya pa foni yotolera mayankho a ana m'kalasi. Anzanu akutauni adzakuuzani za Kahoot kapena Google Forms, ndipo ndi zabwino, koma zimafuna kuti ana akhale ndi foni kapena kompyuta m'manja, zomwe kwa inu sizingatheke. Plickers imafuna foni imodzi, ya mphunzitsi. Mwana aliyense amapatsidwa khadi ya pepala yokhala ndi chizindikiro chakuda cha mbali zinayi, A, B, C ndi D. Inu mukafunsa funso, iye amakweza khadiyo mbali ya yankho lake italoza kumwamba, inu n'kuyendetsa kamera ya foni kuchokera kumanzere mpaka kumanja, ndipo mayankho onse amalowa nthawi yomweyo. Makhadi amathera pa 63, choncho kwa inu ana azigwira khadi imodzi awiri, ayambe agwirizana yankho. Amatireni pa makatoni kuti asang'ambike, koma musawakute ndi pulasitiki yonyezimira chifukwa kamera imavutika kuwerenga. Pokonza mafunso mudzafunika data pang'ono. Ubwino wake waukulu ndi wakuti zilembo za pakhadi ndi zazing'ono, mnzake sangaone chimene wasankha. Mtsikana amene amaopa kukweza dzanja kuti anyamata amuseka amayankha momasuka, ndipo inu mumadziwa lero lomwe kuti theka la kalasi silinamve, osadikira mayeso a kumapeto kwa teremu.

Makanema a pa YouTube ndi Khan Academy ali ndi malo ake, koma samalani. Ambiri anakonzera ana a maiko ena, Chingerezi chake n'chothamanga, ndipo satsata silabasi yathu imene imakonzedwa ndi bungwe la MIE ku Domasi. Muyambe mwaonera nokha mpaka kumapeto. Ine ndimasankha kachidutswa ka mphindi zitatu, mawu ndimatseka, n'kumafotokoza ndekha, kuimitsa pamene ndikufuna kufunsa. Mawu amene ana anu anawazolowera ndi anu. ChatGPT, pulogalamu imene imalemba yokha mayankho mukaifunsa, nayo imathandiza kukonza mafunso oyeserera, koma imatha kulakwitsa molimba mtima, choncho chilichonse chimene yakupatsani muchiyerekeze ndi buku musanachilembe pabolodi.

Tsopano za WhatsApp, poti ndi imene mumaidziwa kale. Ndikupemphani, musamatumizirane mauthenga ndi mwana wa sukulu awiriwiri, ngakhale nkhani yake ikhale ya homuweki. Zimateteza mwanayo, zimatetezanso dzina lanu. Malamulo a WhatsApp yomwe salola ana osakwana zaka 13, ndipo ku Fomu 1 ena amakhala asanafike. Ngati pafunika gulu, likhale la makolo, ahedi alidziwe ndipo akhalemo. Zithunzi za ana musaziike pa Facebook makolo asanavomere. China chimene chimandikhudza kwambiri ndi ichi: musapereke ntchito yochitira kunyumba imene imafuna foni. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, tinaona tokha kuti manotsi a pa WhatsApp ankafika kwa ana a makolo opezako bwino, pamene mwana amene amakhala ndi agogo ake ankangomva kwa anzake, kapena kudalira maphunziro a pa wailesi ngati mabatire alipo. Zonse zofuna zipangizo zizichitikira m'kalasi, pamene onse ali pamodzi.

Ndalama ya bandulo isachoke m'thumba mwanu mwezi ndi mwezi. Mudzatopa, n'kusiya. Kambiranani ndi ahedi ndi a PTA kuti ilowe m'bajeti ya sukulu, ngakhale ikhale yochepa, chifukwa mukatsitsa kamodzi fayilo ija mudzaigwiritsa ntchito zaka. Mukamapita ku maphunziro a SMASSE, a aphunzitsi a masamu ndi sayansi, kapena kumisonkhano ya kilasita, nyamulani fulashi mugawane ndi anzanu zimene aliyense watsitsa. Koma fulashi imene yayenda m'ma kompyuta ambiri imabweretsa mavairasi, ndiye ya sukulu ikhale yakeyake, ndipo laputopu isasanduke yoonerapo mafilimu mu sitafu rumu. Mtsogolo muno mungaikemo Kiwix, imene imasunga Wikipedia kuti iziwerengedwa popanda intaneti, kapena Kolibri, imene imagawa maphunziro ku zipangizo zina zapafupi popandanso intaneti. Zimenezo n'za chaka chamawa.

Ndibwerere ku mantha anu aja. M'kalasi mwanu muli kale ana awiri kapena atatu amene amadziwa kugwiritsa ntchito foni kuposa inu, ndipo achuluka. Kuyambira 2023 boma likufalitsa pulogalamu ya BEFIT, imene ikupereka matabuleti otchajidwa ndi sola kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 kuti aziphunzirirapo kuwerenga ndi masamu, ndipo ana amenewo adzakupezani ku Fomu 1. Musapikisane nawo. Sankhani awiri, mtsikana ndi mnyamata, akhale olumikiza mawaya ndi kuyatsa pulojekita nthawi ya buleki, ndipo muziwasintha mwezi uliwonse. Chikakuvutani, nenani poyera kuti, "Apa pandisokoneza, ndani angandithandize?" Ine sindinaonepo ana akupeputsa mphunzitsi chifukwa cha mawu amenewo. Mwana amadziwa podina, koma chifukwa chimene babu lachiwiri lazimira amayembekeza kuchimva kwa inu, ndipo chimenecho mwachiphunzitsa zaka zambiri ndi choko chokha.

Musanalowe nayo m'kalasi, itanani mphunzitsi mnzanu mmodzi Lachisanu madzulo, akhale pa desiki ngati mwana, inu muphunzitse phunziro lonse kuyambira kulumikiza waya woyamba mpaka kuzimitsa. Pulojekita musaizule pakhoma ikadali yotentha, idikireni fani yake isiye kulira. Mukadzaphunzitsa la magetsi lija mundilemberenso, mundiuze kuti ndi ana angati anati babu lizima.