Kodi ndiwaletse ana kupita kusukulu chifukwa cha korona? Yankho kwa mayi wa ku Namwera

M'chaka cha 2021 ndinalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Namwera, amene anapempha kuti dzina lawo ndisalitchule. Ali ndi ana awiri pasukulu, mnyamata wa Sitandade 6 amene amayendera kunyumba ndi mtsikana wa Fomu 2 amene ali pasukulu yogonera komweko, ndipo pakhomo amakhala ndi mayi awo okalamba omwe ali ndi matenda a shuga komanso kuthamanga kwa magazi. Funso lawo linali lotere: "Popeza korona wabweranso kachitatu, kodi kusukuluko si kumene ana anga akatenge matendawa n'kudzapatsira agogo awo? Kodi ndiwaletse kupita mpaka mliri utadutsa?" Nali yankho limene ndinawalembera pa nthawiyo.

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo sindikunamizani kuti kusukulu kulibe chiopsezo, chifukwa chilipo ndithu. Komabe maganizo anga ndi oti anawo apitirize maphunziro, ndipo mphamvu zanu muziike pa zinthu ziwiri, mpweya umene ana amapuma m'kalasi ndi chitetezo cha agogo pakhomopo. Ndilongosola chifukwa chake.

Kachilombo ka korona kamatuluka m'kamwa ndi m'mphuno mwa munthu amene ali nako, osati pokhapokha akatsokomola kapena kuyetsemula, koma ngakhale pamene akulankhula, kuimba kapena kungopuma chabe. Kamatuluka m'timadontho, ndipo timene tili tokulirapo timagwa pansi pafupi ndi mwini wake, pamene ting'onoting'ono kwambiri timayandama mumpweya kwa nthawi yaitali. Aliyense amene anaphikapo ndi nkhuni zaziwisi akudziwa kusiyana kwa kusonkha moto pabwalo ndi kuusonkha m'khitchini yotseka: pabwalo utsi umabalalika osakupwetekani, koma m'khitchini umadzaza paliponse, ndipo ngakhale amene wakhala pakona patali ndi mafuwa misozi imamutuluka. Kachilomboka kamayenda chimodzimodzi, kusiyana kwake n'koti utsi umaoneka ndi maso pomwe iko sikaoneka. Mfundo imeneyi inachedwa kuvomerezedwa. Mu Julayi 2020 akatswiri a sayansi 239 analembera bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO kulipempha kuti liiganizire mozama, ndipo bungwelo linadzailemba momveka bwino m'malangizo ake kumapeto kwa Epulo 2021.

Ife kuno kunyanja tinaphunzitsidwa ndi kolera, matenda a m'madzi ndi m'manja, choncho tikamva za mliri chimene chimabwera msanga m'mutu ndi ndowa ndi sopo. Kusamba m'manja n'kwabwino ndipo kusasiyidwe, pakuti kumateteza ku matenda otsekula m'mimba ndi ena ambiri, koma pa korona ndowa payokha siyokwanira. Mwezi watha ndinafika pasukulu ina ya pulayimale m'boma lathu lino la Mangochi m'mawa kukuzizira. Pachipata panali ndowa ya mpopi ndi sopo, ana ali pamzere kusamba m'manja mwadongosolo, mphunzitsi akuyang'anira. Atatha analowa m'chipinda chimodzi mpaka kudzaza, n'kukhala pansi mothithikana bondo ndi bondo. Chipindacho chinalibe mawindo enieni koma njerwa zobowola zija, ndipo mabowo ambiri anali atatsekedwa ndi makatoni ndi zidutswa za matumba chifukwa cha mphepo. Chitseko chinatsekedwa, phunziro linayamba, ana onse pamodzi akubwereza mokweza mawu zimene mphunzitsi wanena. Chapafupi pomwepo ana a kalasi ina anali pansi pa mtengo wa mango, bolodi litatsamira pa thunthu. Makolo ambiri akaona zimenezi amamvera chisoni ana a pansi pa mtengo, koma pa nkhani ya korona, amene anali pamalo otetezeka m'mawa umenewo anali iwowo.

Zinthu zimene zimakulitsa chiopsezo ndi zomwe ndinaziona m'chipinda chija: anthu ambiri, malo otseka, nthawi yaitali ndi mawu okweza. Zikakumana zonse pamodzi, munthu mmodzi angathe kupatsira anthu ochuluka tsiku limodzi. Chitsanzo chodziwika chinachitika ku Jerusalem m'dziko la Israel mu Meyi 2020, patangopita masiku ochepa sukulu zitatsegulidwa. Kunja kunatentha kwambiri, ophunzira analoledwa kuvula masiki, makina oziziritsa mpweya ankagwira ntchito m'zipinda zodzaza, ndipo pasukulu imodzi ya sekondale ophunzira 153 ndi ogwira ntchito 25 anapezeka ndi kachilomboka. M'makalasi amenewo munali ana osapitirira 40, chiwerengero chimene kuno timachiona ngati chochepa. Unduna wa zamaphunziro potsegula sukulu zathu unalangiza kuti m'kalasi muzikhala ana 40, ndipo inu ndi ine tikudziwa kuti m'sukulu zambiri za pulayimale kuno ku Mangochi zimenezi sizingatheke popanda kugawa ana kuti ena azibwera m'mawa ena masana, kapena kutulutsa ena panja.

Tsono za mwana mwiniyo. Ana a msinkhu wa pulayimale akatenga korona nthawi zambiri sadwala kwambiri: ena amangomva ngati chimfine, ena samva kalikonse, ndipo amene amafika pogonekedwa m'chipatala ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi akuluakulu. Vuto lili poti munthu angathe kupatsira ena tsiku limodzi kapena awiri asanayambe kumva zizindikiro, ndipo amene alibe zizindikiro n'komwe angathenso kupatsira. Ichi n'chifukwa chake kamakina koyezera kutentha kwa thupi pachipata sikangagwire aliyense amene ali ndi kachilomboka. Achinyamata a msinkhu wa sekondale amatenga ndi kufalitsa matendawa mofanana kwambiri ndi akuluakulu. Koma amene ali pachiopsezo chenicheni cha kudwala kwambiri pasukulu ndi aphunzitsi, makamaka achikulire ndi amene ali ndi matenda ena, ndipo malo amene ine ndimawadera nkhawa ndi chipinda chawo chopumira, mmene amakhala pamodzi, kudya ndi kucheza masiki ali m'thumba.

Mwa ana anu awiri, amene ali ndi mpata waukulu wotenga matendawa ndi mtsikanayo, osati chifukwa cha kalasi koma chifukwa cha chipinda chogona. M'hostelo ana amapuma mpweya umodzi usiku wonse, mabedi ali moyandikana, palibe wovala masiki, ndipo mawindo amatsekedwa poopa udzudzu, kuzizira ndi akuba. Mu Januwale 2021, pa nthawi imene mliri unabwera kachiwiri n'kutitengera nduna ziwiri za boma tsiku limodzi, ophunzira oposa 300 pa sukulu ya sekondale ya atsikana ya Lilongwe Girls anapezeka ndi kachilomboka. Potseka sukulu mwezi womwewo, boma linalamula kuti ophunzira a m'sukulu zogonera ayambe akhala konko kufikira azaumoyo ataona ngati kunali koyenera kuti apite kwawo. Makolo ambiri zinawapweteka, koma cholinga chake chinali chimene inunso mukufuna, choti matenda asanyamulidwe kupita kwa agogo kumudzi. Ngati mutamva kuti pasukulu ya mwana wanu pabuka korona, mtima udzakuuzani kuti mukamutenge tsiku lomwelo. Ndikupempha kuti muyambe mwalankhula ndi a hedi ndi azaumoyo, chifukwa mtsikana wa zaka zimenezo mwachidziwikire adzachira bwinobwino, pamene agogo ake mwina sangapirire.

Mwina mukunena kuti zonsezi zikungotsimikiza kuti ndi bwino anawo akhale pakhomo. Tinayesa kale zimenezo dziko lonse. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Marichi 2020, dziko lino lisanapeze ngakhale munthu mmodzi wodwala korona, pakuti oyamba anapezeka pa 2 Epulo. Makalasi a mayeso anabwerera pa 7 Sepitembala, ena onse pa 12 Okutobala, kenaka mu Januwale 2021 sukulu zinatsekedwanso mpaka pa 22 Febuluwale. Zimene zinachitika m'miyezi imeneyo ife a ku Mangochi sitichita kuuzidwa. Azaumoyo m'boma lino ananena kuti atsikana oposa 7,000 anatenga pathupi m'miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira ya 2020, ndipo ngakhale vutoli linalipo kale kuno, chiwerengerocho chinaposa cha nyengo yomweyo chaka cha 2019. Kafukufuku wa boma anapeza kuti m'dziko lonse atsikana pafupifupi 40,000 anatenga pathupi ndipo ana pafupifupi 13,000 analowa m'banja. Anyamata ambiri anatsikira kunyanja kukakoka makoka ndi kuyanika usipa, analawa ndalama, ndipo belu la sukulu litaliranso ena sanabwerere.

Komanso tinene zoona, mwana amene waletsedwa kupita kusukulu sakhala m'nyumba. Amapita kumsika, kuchigayo, kumpira, kumadrasa kapena kukwaya, ndiponso kumavidiyo, m'tizipinda tamdima topanda windo ndi limodzi lomwe, mmene mpweya wake ndi woipa kuposa wa m'kalasi iliyonse. Akuluakulu nawonso amalowa ndi kutuluka: timakwera minibasi yodzaza kupita kuboma, timagona pamaliro m'nyumba yothinana tikuimba usiku wonse, timalandira abale ochokera ku Joni. Kuletsa mnyamata wanu sukulu kungatseke khomo limodzi lokha mwa makomo ambiri amene korona angalowere pakhomo panu, ndipo mtengo wake angalipire ndi mwanayo.

Chimene chingathandize kwambiri ndi kuyambira kwa agogo eniakewo. Katemera wa korona wa AstraZeneca anafika m'dziko muno pa 5 Marichi 2021, ndipo anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo ndi amene ali ndi matenda monga shuga ndi kuthamanga kwa magazi anaikidwa m'gulu loyenera kulandira msanga. Ntchito yaikulu ya katemerayu ndi kuteteza munthu kuti asadwale mpaka kufa, ndipo amabayidwa kawiri. Funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu za tsiku ndi malo, ndipo muwaperekeze nokha, chifukwa mphekesera zimene zikuyenda pa WhatsApp zaopseza okalamba ambiri. Mankhwala awo a shuga ndi a magazi asadukize. Kenaka muone za kogona. M'makomo ambiri kwathu kuno adzukulu amagona m'chipinda cha agogo, ndipo ndikudziwa kuti kuwalekanitsa kumaoneka ngati nkhanza, koma pa miyezi imene matenda akwera ndi bwino mnyamatayo agone kwina. Kucheza asaleke, azicheza pakhonde kapena pamphasa pabwalo, pamene mphepo ikuwomba.

Kusukulu ya mnyamatayo mawu anu ali ndi mphamvu kuposa mmene mukuganizira, makamaka mukadzera ku komiti ya sukulu kapena ku gulu la amayi. Pemphani zinthu zosafuna ndalama: makatoni achotsedwe m'mabowo, chitseko ndi mawindo a mbali zonse ziwiri zikhale zotsekula kuti mpweya uzidutsa, ana aloledwe kuvala juzi kapena kufunda chitenje pamwamba pa yunifolomu m'malo motseka chipinda, kuimba ndi kubwereza mokweza kuzichitikira panja, phala lizimwedwera panja, ndipo pakati pa maphunziro ana azituluka kwa kanthawi kuti chipinda chipume. Ku Namwera kumazizira kuposa kuno kumunsi m'miyezi ino, choncho nkhani ya juzi siyaing'ono. Musokereni mwanayo masiki awiri a nsalu yophatikiza, okwana bwino pamphuno ndi pachibwano, kuti ina ikachapidwa avale inayo.

Mwana akadzuka ndi chifuwa, chimfine kapena thupi lotentha, asapite kusukulu tsiku limenelo ndipo asayandikire agogo. Koma musangoganiza kuti ndi korona n'kumusunga m'nyumba, pakuti kuno kutentha thupi kwa mwana nthawi zambiri kumakhala malungo, amene amapha ana msanga kuposa korona. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo akayezedwe. Agogo akayamba kubanika, kufooka kwambiri kapena kusokonezeka mutu, musadikire kuti kuche.

Mtsikanayo akadzabwera kutchuthi, kumbukirani kuti zizindikiro zimaoneka kawirikawiri pakapita masiku asanu kapena asanu ndi limodzi munthu atatenga kachilomboka, ndipo nthawi zina zimachedwa mpaka masiku 14. Pa masabata awiri oyambawo agone chipinda chosiyana ndi agogo, adye nawo pabwalo, ndipo akafuna kulowa kukawathandiza avale masiki, windo lili lotsekula. Mumufotokozere zimenezi pa foni asananyamuke kusukulu, ndipo agogonso muwauziretu, kuti tsiku lofikalo pasadzakhale wodabwa kapena wokhumudwa mdzukulu akadzagwada chapatali popereka moni.