Yankho kwa mayi amene akufuna kulankhulira odwala matenda a maganizo

Mayi, mwafunsa kuti mungayambire pati ngati mukufuna kudzipereka kuti muzilankhulira anthu amene akulandira chithandizo cha matenda a maganizo, komanso ngati ntchitoyi ili ndi kangachepe. Ine ndiyankha za kuchipatala, popeza ndi kumene ndakhala ndikuperekeza odwala kwa zaka zingapo.

Poyambira pabwino ndi bungwe la MeHUCA, lomwe ndi la anthu amene anadwalapo matendawa pamodzi ndi owasamalira. Ngati muli ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, kadzidziwitseni kwa a St John of God, omwe ali ndi zipatala zothandiza odwala matenda a maganizo. Ambiri akamva nkhaniyi amangoganiza za Zomba Mental Hospital, chonsecho odwala ochuluka amakatenga mankhwala mwezi ndi mwezi pa zipatala za m'maboma, ndipo ndi pa mabenchi amenewo pamene munthu wowalankhulira amasowa kwambiri. Amene akukulangizani kuti mungoyambitsa bungwe lanulanu, ndikukayika ngati anakhalapo pa benchi yoteroyo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Chenjezo langa lalikulu ndi lakuti mudziwe amene mukumulankhulira. Mukulankhulira wodwala, osati gadiyani, osati dokotala, osatinso maganizo anu. Ine izi ndinaziphunzira mochititsa manyazi. Ndinaperekeza mayi wina pa chipatala china, ndipo m'njira achibale ake anandiuza kuti wasiya kumwa mankhwala chifukwa cha mwano. Titalowa kwa dokotala ndinafotokoza zomwezo mwaluso, mwiniwake atangowerama. Potuluka m'pamene anandinong'oneza kuti mankhwala a chlorpromazine ankamuumitsa khosi, manja ankanjenjemera, malovu ankangotuluka, moti sankathanso kusenda mbatata zimene ankagulitsa pamsika, ndipo ana ankamuseka. Zimenezi madokotala amazidziwa bwino, ndipo amatha kuchepetsa mlingo, kusintha mankhwala kapena kuwonjezera ena ochepetsa mavutowa monga Artane, koma sakanachita kanthu chifukwa ine ndinatseka pakamwa pa munthu amene ankamva ululuwo m'thupi mwake. Kuyambira tsiku limenelo ndimayamba ndakhala pansi ndi wodwala payekha, n'kumufunsa zimene akufuna kuti zinenedwe ndi zimene sakufuna kuti zituluke, ndipo m'chipinda ndimalankhula pokhapokha iye akandipempha.

Musadzauze munthu kuti asiye kapena achepetse mankhwala, ngakhale mutamumvera chisoni chotani, chifukwa akadwalanso mlandu udzakhala wanu. Musamujambule, ndipo nkhani yake musakaipereke ngati umboni kutchalitchi, pakuti m'mudzi munthu akangotchedwa wamisala, dzinalo limamutsatira mpaka pa nkhani za banja ndi za munda. Mukaona zosayenera, monga wodwala kumangidwa ndi zingwe popanda chifukwa kapena kunyozedwa, musakangane ndi anamwino pagulu. Lembani tsiku ndi zimene zachitika, kenaka mupite kwa ombudsman (wolandira madandaulo) wa pachipatalapo, ndipo zikakanika, ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission. Muwerengenso lamulo latsopano lokhudza matenda a maganizo limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2025 m'malo mwa lija la 1948, kuti polankhula muzikhala ndi poimira.

Za kangachepe, musayembekezere kanthu kupatula ya thiransipoti pakakhala msonkhano. Ine ulendo umodzi umandidyera pafupifupi K10,000 ndikaphatikiza minibasi, kabaza ndi chakudya cha anthu awiri, chifukwa simungadye nokha mnzanu akuyang'ana. Vuto lenileni limabwera mankhwala akatha kuchipatala, pamene banja limayamba kuyang'ana m'thumba mwanu. Muwauziretu tsiku loyamba kuti simugula mankhwala, apo ayi mudzadana ndi anthu amene munafuna kuwathandiza.

Chinanso, buku la kuchipatala lizikhala ndi mwiniwake, inu mungolemba tsiku la jakisoni wotsatira m'kope lanu ndi kumukumbutsa kutatsala masiku awiri.