Ku Elephant Marsh njovu zinatha kalekale

Achimwene mwafunsa ngati ku dambo la Elephant Marsh mukaonako njovu, ayi ndithu, latsala ndi dzina basi. Dzinalo anapereka ndi David Livingstone mu 1859 atapeza njovu zambirimbiri kumeneko, koma alenje anazitha. Panopa kuli mvuu, ng'ona ndi mbalame zam'madzi zosawerengeka, mukalowe pa bwato m'mamawa mukaziona bwino, koma manja musamaviike m'madzi chonde. Damboli lili pakati pa Chikwawa ndi Nsanje, madzi ake ndi a Shire, ndipo mu 2017 analiika pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika kwambiri padziko lonse, komabe si paki yampanda ayi, anthu amawedza mlamba komanso kulima momwemo nde chitetezo chake chimavutirapo. Ngati mtima uli pa njovu pitani ku Majete, si kutali.