Diclofenac ameneyo musawapatse amayi

Achemwali, chonde diclofenac ameneyo, mankhwala ochepetsa ululu, musawapatse amayi, ngakhale mutu ukuwapweteka chichokereni ku opaleshoni ya mtsempha wa mu ubongo. Ndawerenga zimene mwalemba za mutu wa amayiwo, thupi lonse likunjenjemera, poti ine zinandionekera mu 2022.

Wanga mtsempha wa mu ubongo unafufuma mbali imodzi ngati chubu cha njinga, aneurysm yomweyo, koma sunaphulike. Bambo a kunyumba ankagwira ntchito ku mgodi ku Moatize, ku Mozambique, ndiye inshuwalansi inanditengera ku Johannesburg. Mutu sanaung'ambe. Analowetsa kapaipi mumtsempha wa m'mphechepeche mpaka kukafika ku ubongo, nadzaza kathumbako ndi timawaya ta platinum, naikaponso stent, kachubu kangati ukonde kotchinga timawayato kuti tisatuluke. Pobwera anandipatsa aspirin ndi clopidogrel kuti magazi asaundane pa stentipo.

Dokotala anandiuza mawu amene sindiiwala, kuti timawayato sitipoletsa. Magazi amaundana pa timawayapo, kenako asilikali a m'magazi amathamangirako, malowo n'kutupa, monga chilonda chimatenthera ndi kufiira chisanapange nkhanambo. Asilikaliwo amadya magazi oundanawo, m'malo mwake mumamera chipsera, ndipo kakhungu kopyapyala kamatseka pakamwa pa kathumbako. Ntchito imeneyi ndi ya miyezi. Kutupako ndiye mmisiri wake, koma kukapyola muyeso ubongo wa m'mbali mwake umatupanso, mutu n'kumawawa.

Ine kunapyola. Sabata yachitatu ndili kwathu ku Ulongué, mutu unayamba kugunda kumbuyo kwa diso, kuwala kwa nyali kumandibaya. Tinapita pa kachipatala kena kolipira. Bambo amene tinawapezawo mapepala anga sanawatsegule n'komwe, ati ndi a Chingelezi. Anangowakankhira pambali. Ndikuti ndili ndi timawaya m'mutu, iwo akuseka, ati azimayi mukakwera ndege kamodzi mumabwera ndi matenda achizungu. Anandibaya diclofenac, nandipatsa mapilitsi ake a masiku 5. Osafunsa kuti mukumwa chiyani! Funso limodzi lokha limenelo!

Usiku wachinayi ndinadzuka m'mimba mukuotcha. Chimbudzi chakuda bii ngati phula. Ndisanafike pakhomo ndinasanza zakuda ngati khofi, kenako magazi enieni, chitenje chonse chonyowa. Mwana wanga wa zaka 7 ataima pakona wagwira tochi, akungoti amama, amama, mawu osatuluka bwino. Ndimafuna kumuuza kuti asaope koma lilime lalemera. Bambo ake ali ku Moatize. Alamu ndi amene anapeza galimoto ya munthu wogula mbatatesi, anandigoneka pa matumba kumbuyo, kuzizira kwa ku Angónia kukulowa m'mafupa. Ndinkawerenga mabampu kuti ndisagone, poti ndinkadziwa kuti ndikatseka maso basi. Pa mlatho wa Samora Machel kunja kukuyera, ndinaona Zambezi ngati utsi. Ku Tete anandiika magazi mabotolo awiri. Diclofenac atakumana ndi aspirin ndi clopidogrel anali atandiboola m'mimba.

Mpaka lero ndikadutsa pa kachipatala kaja mtima umandiwira. Munthu wovala zoyera, wolandira mametikali athu, kulephera kuwerenga dzina la mankhwala? Aspirin ndi aspirina wa m'Chipwitikizi zikusiyana pati? Sanapepese. Alamu atapitako anawayankha kuti odwalawo sananene.

Atandijambula mutu anapeza kuti ubongo watupa mozungulira timawaya tija. M'mimba mutakhazikika anandipatsa dexamethasone masiku ochepa, mutu unaleka. Ndiye inde, mankhwala ochotsa kutupa ndi amene anandithandiza, koma inu musalimbane nako kutupako, kusiyeni kugwire ntchito yake. Mutu wowawa pang'ono masabata oyambirira umachitika, apatseni paracetamol, agone, musawayendetse m'zipatala pa kalikonse, kumeneko n'kumene ine ndinakatenga tsoka. Komabe mutu ukabwera mwadzidzidzi ngati awatema ndi nkhwangwa, khosi likauma, akayamba kusanza, kuona zinthu ziwiriziwiri, mkono kufooka kapena mawu kusokonekera, nyamukani usiku womwewo, musadikire chapa, minibasi ya m'mawa.

Ngati anawapatsa aspirin ndi clopidogrel asadumphitse ngakhale tsiku limodzi popanda mawu a dokotala amene anawachita opaleshoniyo. Ibuprofen nayenso ayi, ndi m'bale wake wa diclofenac. Fodya, kaya wosuta kaya wofwenkha, atayiretu, BP muziwayeza, mchere muchepetse. Pakatha miyezi 6 akajambulitsenso ngakhale akumva bwino, chifukwa timawayato timatha kuphwa n'kusiya mpata, ndipo mwa anthu 5 alionse pafupifupi mmodzi kathumba kamatsegukanso.

Mapepala awo pezani munthu awalembe m'Chipwitikizi, mayina a mankhwala akhale pamwamba ndi zilembo zikuluzikulu. Anga ndimayenda nawo m'kachikwama komwe ndimasungamo chitupa. Amayiwo akumwa mankhwala anji panopa? Jambulani mabokosiwo mutumize pano.